Chaka ndi fluoxetine: zimene wandichitira, ndi pamene kuchipatala anandigwiritsa mwala

Ndili ndi kamalo kophikira pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndimaphika mpunga wa ku Lifuwu, usipa, ndipo chambo chikapezeka ku Senga Bay ndimaphikanso. Ndayamba ndi ntchito yangayi chifukwa matenda a maganizo amene ndikufuna kunena, otchedwa OCD, amene ndikumwera mankhwala a fluoxetine, anandigwirira pomwepo, pa beseni losambira m'manja.

Kolera ya 2022 ndi 2023 aliyense wa kuno kunyanja akuikumbukira. Alangizi a zaumoyo ankayenda ndi kolorini, pa wailesi nkhani inali ya kusamba m'manja, ndipo tonse tinamvera. Mliri utadutsa anzanga anabwerera mwakale. Ine sindinathe kubwerera. Ndikalandira ndalama ya kasitomala, m'mutu mumabwera ganizo loti ndatenga kolera, ndiika m'chakudya, mwana wa eni afa chifukwa cha ine. Ndiye ndimasamba. Ndimasamba kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo wina akandiyankhulitsa n'kusokoneza chiwerengero, ndimayambiranso. Sopo wa mtanda samatha masiku atatu. Mwana wanga wamkazi amapita ku mjigo mpaka miyendo kuwawa. Tsiku lina ndinataya poto yense wa mpunga chifukwa sindimakumbukira bwino ngati ndinasamba ndisanagwire chipande. Usiku ndimadzuka kukaona ngati chidebe cha madzi chili chovindikira, kubwerera pa mphasa, kudzukanso.

Chowawa kwambiri chinali chakuti ndimadziwa ndithu kuti zimenezi n'zopanda mutu. Ndimadziwa, koma kusiya kumakanika.

Apongozi anati wina wa pamsika wandilodza chifukwa cha malonda. Amayi a mvano anabwera kudzandipempherera, ndipo ndimawathokoza mpaka lero chifukwa anabwera ndi mtima wabwino. Bambo a kunyumba anapirira miyezi yambiri, kenako anangoti zii. Kuchipatala sindinapite chifukwa cha maganizo. Ndinapita chifukwa khungu la m'manja linali litang'ambika, likutuluka magazi m'mizere ya zala. Adokotala anayang'ana manja aja nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, “Mayi, mumasamba kangati pa tsiku?” Nditalephera kuyankha, analemba m'buku langa kuti ndikaonane ndi anamwino a matenda a maganizo. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti ine si wamisala, ndili ndi bizinesi ndi ana atatu.

Ndinapitabe, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuyamikira. Anamwino aja sanandifunse ngati ndimamva mawu kapena ngati ndimasuta chamba n'kuthera pomwepo. Anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: “Mukapanda kusamba, mukuopa kuti chichitike n'chiyani?” Ndinalira ndisanayankhe. Atamva zonse anati matendawa ali ndi dzina, madokotala amawatchula kuti OCD. Ali ndi mbali ziwiri: maganizo osafunika amene amabwera okha mokakamiza, ndi zochita zobwerezabwereza zimene munthu amachita kuti mtima ukhale pansi. Mtima umakhaladi pansi kwa kanthawi, kenako ganizo lija limabweranso ndi mphamvu zina. Kwa ena si kusamba. Ena amabwerera kakhumi kukaona loko wa chitseko, ena amavutika ndi maganizo onyoza Mulungu ali m'kati mwa pemphero, ena amaopa kuti apweteka khanda lawo pomwe amalikonda. Anati pa anthu 100 alionse, mmodzi kapena awiri amadwala zimenezi nthawi ina m'moyo wawo. Ndinayamba kuwerengera anthu a pamsika pathu m'mutu.

Tsono za mankhwala eniakewo. Anandipatsa fluoxetine, makapisozi a 20 mg, m'bulu umodzi m'mawa uliwonse. Ndi mankhwala omwewo amene amapatsa anthu okhumudwa kwambiri, a gulu lotchedwa SSRI, amene amagwira pa serotonin, chinthu chimene timitsempha ta mu ubongo timatumizirana nacho uthenga. Koma anamwino ananenetsa zinthu ziwiri, mpaka kuzilemba pa tsamba lomaliza la buku langa. Choyamba, pa OCD mankhwalawa amachedwa: masabata 8 mpaka 12 asanakwane usanene kuti akanika. Chachiwiri, matendawa kawirikawiri amafuna mlingo wokulirapo kuposa wa kukhumudwa, choncho ndisadabwe akamandiwonjezera.

Akanapanda kunena zimenezi ndikanasiya sabata yachiwiri. Ndikunenetsa. Masiku oyambawo ndinali ndi nseru, fungo la mafuta okazingira nsomba limandibweza m'mbuyo, mutu umawawa, tulo timabwera mochedwa, ndipo m'thupi ndimamva ngati ndamwa tiyi wambiri wopanda chodyera. Kusamba kuja kunali pomwepo, osachepa ngakhale pang'ono. Ife tinazolowera LA, masiku atatu malungo athawa. Tinazolowera Panado, ola limodzi mutu waleka. Ndiye munthu ukamwa mankhwala mwezi wathunthu osaona kanthu, mtima umakuuza kuti akungokutayitsa nthawi. Nseru inachepa nditayamba kumwa mankhwala nditadya kaye phala, ndipo pofika sabata yachitatu inatheratu.

Mwezi utatha anandikweza pa 40 mg, patsogolo pake 60 mg. Kusintha sikunabwere ndi phokoso. Linali tsiku lotentha la mu Okutobala, makasitomala ambiri, ndipo madzulo potsuka mbale ndinaona kuti sopo amene ndinadula Lolemba akadalipo Lachisanu. Ganizo lija limabwerabe, ndinene zoona, mpaka lero limabwera. Koma kale limabwera ngati munthu wokuwa m'khutu, pomwe tsopano lili ngati wailesi ya kwa aneba: ukuimva, koma ntchito ukugwira. Amene akuyembekezera kuti mankhwalawa afufuta maganizowo adzakhumudwa. Chimene amachita n'kuwachepetsa mphamvu kuti iwe upeze mpata wokana.

Kukanako n'kumene anamwino anandiphunzitsa, ndipo ndikuona kuti mankhwala paokha sakanandifikitsa pamene ndili. Njira yake amaitchula kuti ERP: kukumana dala ndi chimene ukuopa, koma osachita zobwerezabwereza zija. Anatulutsa K500 yakale, yothimbirira, n'kunena kuti, “Gwirani, mayi. Ikani manja pa miyendo. Tikhala limodzi, simusamba.” Thukuta linatsika, mtima unagunda ngati ng'oma. Patapita nthawi mantha aja anayamba kutsika okha, madzi osagwira. Sindinkadziwa kuti mantha amatha kutsika okha. Anandipatsa ntchito yoti ndizikachita zomwezo kunyumba, kuyambira pa zopepuka. Anaitanitsanso bambo a kunyumba n'kuwauza kuti ndikamafunsa kuti “kodi ndasamba bwino?” asamandiyankhe, chifukwa yankho lililonse lotonthoza limadyetsa matendawo. Zinali zovuta kwa iwo, poti ankaona ngati akundichitira nkhanza. Kusamba koyenera, pochokera ku chimbudzi ndi ndisanagwire chakudya, anamwino sanandiletse. Anati kamodzi, ndi sopo, basi.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinafika pa zenera lolandirira mankhwala n'kuuzidwa kuti fluoxetine watha, ndidzayesenso. Anamwino anga anali kulibe tsiku limenelo. Wina anafuna kundithandiza pondilembera amitriptyline, poti nawonso ndi mankhwala a maganizo. Ndinamwa masiku angapo, ndikungogona ndi kuuma m'kamwa. Nditakumana ndi anamwino aja anapukusa mutu, anati amitriptyline amathandiza pa kukhumudwa koma pa OCD sathandiza kwenikweni, ndipo pa mankhwala akale a mtundu umenewo amene amagwira pa matendawa ndi clomipramine. Ndinazungulira m'mafamase a m'tauni kufunafuna fluoxetine. Kumene ndinawapeza, mtengo wa mibulu itatu pa tsiku kwa mwezi unali wondilanda mpamba. Ndinakhala masabata atatu osamwa. Fluoxetine amachedwa kuchoka m'thupi, choncho sabata yoyamba sindinamve kanthu, mpaka ndinaganiza kuti ndachira. Sabata yachitatu ndinadzipeza ndikuwerenganso mpaka kasanu ndi kawiri pa beseni. Mchimwene wanga ndi amene anakagula ku Lilongwe n'kutumiza pa minibasi. Mankhwala amenewa ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Munthu amene wapirira masabata 12 kuti ayambe kugwira sayenera kubwezedwa pa zenera ngati wabwera kudzapempha mchere. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, ndipo zikundipwetekabe ndikaganiza za amene alibe mchimwene ku Lilongwe.

China ndi benchi yodikirira. Ili poyera, aliyense wodutsa amadziwa kuti khomo limenelo ndi la chiyani, ndipo Salima ndi yaing'ono. Kasitomala wanga wina anandiona, ndipo sanabwerenso kudzadya. Anamwino nawonso ali okha pa mzere wa anthu a khunyu, okhumudwa, osokonezeka mutu, ndiye nthawi yokhala nane pa ERP inapezeka katatu kokha. Zotsalazo ndinadzichitira ndekha.

Pali chinanso chimene amayi anzanga angachite manyazi kufunsa, ndiye ndinene ine. Mlingo utakwera, chilakolako cha m'banja chinachepa. Ndinasunga mumtima miyezi iwiri, bambo a kunyumba n'kumaganiza zina. Nditalimba mtima n'kunena kuchipatala, anati zimachitika kwa ambiri pa mankhwala a gulu limeneli ndipo si kuti chikondi chatha. Tinakambirana atatu, n'kugwirizana zotsitsa pang'ono mlingo. Ndikanakonda akanandichenjeza tsiku loyamba, monga anachitira ndi nseru.

Kodi ndingauze wina kuti apite? Inde, apite, ndipo akanene zonse, ngakhale ganizo limene akuliona ngati lonyansa kulitchula. Koma asatenge mankhwala a mnzake kapena kukagula yekha. Si onse amene fluoxetine amawayanja. Ena amapeza bwino ndi sertraline, ena ndi clomipramine, ngakhale ameneyu amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa ndipo ndi woopsa munthu akamwa mopitirira. Wachinyamata wosakwana zaka 25 abale azimuyang'anira masabata oyamba, chifukwa ena amabweredwa ndi maganizo odzipha, ndipo zikatero n'kuthamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo. Woyembekezera kapena woyamwitsa anene. Ukapita ndi malungo kapena kupweteka kwa msana, onetsa buku lako asanakulembere mankhwala ena, chifukwa ena monga tramadol sagwirizana ndi amenewa.

Ine anandiuza kuti ndipitirize kwa chaka chinanso kuchokera pamene ndinayamba kupeza bwino, ndipo posiya tidzatsitsa pang'onopang'ono, osati kungodula. Pano ndimapita kukatenga mankhwala mibulu ya masiku khumi ikadalipo m'nyumba, kuopa zija zinachitika. Khungu la m'manja linapola, kwatsala timizere toyera pa zala. Mwana wanga uja amapita ku mjigo kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi yotsalayo akuwerenga za mayeso a Sitandade 8.