Dishi yonyamulika pa galimoto yogonamo: momwe yagwirira ntchito ku Dedza ndi ku Ntcheu

Katundu tikumunena pano amagulitsidwa pamodzi: dishi ya masentimita 80 yokhala pa miyendo itatu yopindika, LNB (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira siginolo), waya wa dishi wa mtundu wa RG6 wa mamita 10, kamita kolira kofufuzira siginolo, ndi TV ya mainchesi 22 yoyendera 12V. Dikoda mumabwera nayo nokha, ife tinalumikiza ya DStv ya kunyumba. Taigwiritsa ntchito nyengo ya mvula ndi yozizira yomwe, kuyambira m'munsi mwa phiri la Dedza, ku Chongoni, mpaka ku Lizulu ndi kutsetsereka kwa Golomoti. Ngati mukufuna kuonera mpira kapena nkhani nthawi yomwe zikuchitika, kudera lino dishi ndiye yodalirika. Eriyo ndi bandulo ya pa foni ndi zothandizira chabe, ndipo chifukwa chake ndi mapiri.

Dishi mapiri saivutitsa kwenikweni. Setilaiti ya Eutelsat yomwe DStv imadzera, yomwe ili pa 36°E, imakhala pafupifupi pamutu penipeni mukakhala ku Dedza. Mumaloza kumpoto, n'kupotolera kummawa pang'ono ngati madigiri 7, ndipo kukwera kwake ndi madigiri 73 kapena pafupi pamenepo. Ntcheu sisiyana kwambiri. Choncho ngakhale phiri litaima patsogolo panu silitchinga kanthu. Mtengo wa paini wotalika mamita 15 umangofuna kuti dishi italikirane nawo mamita 5 kapena 6. Chovuta ndi nthambi za pamwamba penipeni, ndipo poti aliyense amakonda kuimika galimoto pamthunzi, apa ndi pamene dishi ya miyendo imaposa yomangirira padenga. Galimoto ikhale pansi pa mtengo, dishi ipite poyera.

Koma waya wa mamita 10 wobwera m'bokosiwo ndi waufupi. Gulani wa mamita 20, wa RG6 weniweni wa waya wonenepa pakati, siginolo siitayika yoti n'kudandaula nayo. Zolumikizira zake za F zomwe anaikamo ndi zongopotokola ndi manja, zimasololoka mukakoka pang'ono. Ikani zopanikiza ndi pulayala yake, kenako mukulunge tepi ya rabara pamene waya akumana ndi LNB. Mame a ku Dedza akalowa pamenepo mkuwa umada, ndipo chithunzi chimayamba kuduka popanda chifukwa chooneka. Posenda waya onetsetsani kuti palibe kaulusi ngakhale kamodzi ka kunja komwe kakukhudza waya wa pakati. Dikoda imatumiza magetsi a 13V kapena 18V kupita ku LNB kudzera mu waya yemweyo, ndiye kaulusiko kakagunda, siginolo imazimiratu, nthawi zina dikoda imene imaonongeka. Lumikizani chilichonse dikoda ili yozimitsa.

Poloza dishi anthu ambiri amataya ola lathunthu pa chinthu cha mphindi khumi. Yambani ndi miyendo. Chitsulo cha pakati chiime chilili, yesani ndi levulo mbali ziwiri, chifukwa chikapendekeka manambala onse a kumbuyo kwa dishi amanama. Khomerani mwendo uliwonse ndi chikhomo cha tenti, ndipo pakati mupachike chigubu cha madzi cha malita 20. Mphepo ya mu June ndi July pamtunda pano sisewera, dishi ikasuntha ndi chala chimodzi chokha chithunzi chapita. Mukatero ikani nambala ya kukwera pa 73. Musadabwe kuona dishi ikuoneka ngati yaloza pansi kuposa pamenepo, madishi a mtundu uwu amalandira siginolo kuchokera pamwamba pa pomwe nkhope yake yayang'ana, kusiyana kwake ndi madigiri 20 ndi kanthu. Khulupirirani manambala a pa chitsulocho, osati maso.

Pamenepa pali vuto lenileni la katunduyu. Mzere wa manambala umathera pa 70, ndipo mukayesa kupitirira, msana wa dishi umagunda mutu wa chitsulo cha pakati. Zikuoneka kuti anapangira maiko omwe setilaiti imakhala m'munsi. Njira yake ndi kukweza chomangira mpaka kumapeto kwenikweni kwa chitsulo kuti msanawo upeze malo, kapena kufupikitsa mwendo wakumbuyo pang'ono kuti chonsecho chigonere chagada, ngakhale mukatero manambala aja sanenanso zoona. Zimatheka, koma musanagule yang'anani kuti manambala akufika pa 80 kapena 90.

Kampasi muigwire mutatalikira galimoto mamita angapo, chitsulo cha galimoto chimaikoka. Kamita kolira kaja kaikeni pakati pa LNB ndi waya, muchepetse kulira mpaka kungomveka, ndipo muyendetse dishi pang'onopang'ono kwambiri kuchoka kumpoto kupita kummawa. Kakalira kwambiri chepetsaninso, musunthe pang'ono, mpaka mupeze pamene sikakuwonjezeranso. Kamitaka sikadziwa dzina la setilaiti, kamalira pa iliyonse, ndipo kumwambako zilipo zambiri zoyandikana. Wotsimikiza ndi dikoda. Pa tsamba la siginolo pali mizere iwiri, wa mphamvu ndi wa ubwino. Wa mphamvu ukhoza kufika 80 dishi italoza ku munda wa kachewere, umangosonyeza kuti LNB ikulandira magetsi. Wa ubwino ndiye wofunika. Ukakhala pa 0 mwagwira setilaiti ina, ukadutsa 70 mangani manati. Mangani mosinthana, mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono, mukuyang'ana mzerewo, chifukwa nati imodzi ikamangidwa yokha imakoka dishi. LNB kuno imakhala pafupifupi yowongoka, muipotoze pang'ono chabe uku ndi uku kuti muone pomwe ubwino wakwera.

Uthenga wa E48-32 umatanthauza kuti siginolo palibe, ndiye yang'anani waya ndi dishi. E16 ndi nkhani ya malipiro kapena dikoda yomwe yakhalitsa osayatsidwa, dishi musaigwire. Ndi bwino kuyatsa dikoda kunyumba tsiku loti mawa ulendo, kuti zonse zikhale zotseguka musanafike kumalo kopanda netiweki yoimbira foni.

Mvula yamphamvu ya mu January ndi February imadula chithunzi, ndipo palibe dishi yonyamulika yomwe imapulumuka. Ya masentimita 80 imapirira mvula yowaza ndi nkhungu, imagonja pa chimvula chenicheni kwa mphindi zingapo n'kubwerera yokha. Ya masentimita 60 ndi yosavuta kusunga m'galimoto koma imathawa mitambo ikangoda. Kukachita ziphaliwali chotsani waya ku dikoda.

Za eriyo tsopano. Kanema wa digito wa pamtunda m'Malawi muno amayendera DVB-T2, ndipo ndi momwe Kiliye Kiliye ndi GOtv zimafikira anthu, chilichonse ndi dikoda yake. Eriyo ndi yotsika mtengo, yopepuka, sidya magetsi, ndipo MBC, Times ndi Zodiak mukazigwira zimaoneka bwino. Koma mafunde ake amayenda mowongoka, sakhota phiri. Pamtunda poonekera patali mukhoza kugwira ndi eriyo wamba ya timizere pa mtengo wa mamita 4. Mukangotsika Khwekhwerere kulowera ku Mua, kapena kulowa m'zigwa za kuseri kwa mapiri a Kirk Range, zimatengera mwayi. Ka eriyo kozungulira komata padenga n'kofooka kwambiri pa malo ngati amenewa. Chokuzira siginolo sichilenga siginolo pomwe palibe, chimangokuza phokoso. Mukafika malo atsopano yang'anani komwe maeriyo a nyumba zapafupi aloza, lozani komweko, ndipo mufufuzenso matchanelo, chifukwa nsanja iliyonse ili ndi mafunde ake.

Amene munagula Hiace yogonamo kuchokera ku Japan, TV ndi eriyo zomwe inabwera nazo sizigwira kuno. Japan amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa ISDB-T, osati DVB-T2, ndipo masoketi a mkatimo ndi a 100V, musalowetsemo dikoda musanayeze. Madishi odziloza okha a padenga la magalimoto ochokera ku UK nawonso anakonzedwera ma setilaiti a ku Europe, amangozungulira osapeza kanthu.

Kuonera pa intaneti n'kosavuta kuyamba, foni, hotspot, basi. DStv Stream ilipo kwa amene amalipira kale, ndipo nyumba zoulutsa mawu za kuno zimaonetsa zambiri pa Facebook. M'tauni ya Dedza, pa Ntcheu boma ndi m'malo ambiri a mu M1, 4G ya Airtel kapena TNM imakwanitsa. Bandulo ndiye imapsa. Chithunzi cha 480p chimadya pafupifupi 0.7GB pa ola, 720p imapitirira 1GB, 1080p imafika 3GB. Mpira umodzi ndi maola awiri mukaphatikiza nthawi yopuma, ndiye werengani nokha. Pa TV ya mainchesi 22, 480p ikukwana, ikani pamenepo ndi dzanja, musasiye pa Auto. Dziwaninso kuti chithunzi cha pa intaneti chimachedwa ndi theka la mphindi kapena kuposa. Bullets ikamwetsa Noma, alonda omvera pa wayilesi akhala atakuwa kale inu mukuonabe mpira uli pakati.

Chinthu china chomwe alendo sachidziwa ndi chakuti kuchoka ku Dedza kudutsa Lizulu mpaka ku Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Mozambique. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, imatha kulumphira ya tsidya linalo, bandulo yanu n'kusiya kugwira kapena mayunitsi n'kuyamba kudyeka. Zimitsani data roaming, ndipo musankhe netiweki yanu ndi dzanja. Kukhala ndi ma SIM a makampani onse awiri kumathandiza, ndipo foni kapena ka MiFi (kachipangizo ka hotspot kolowa SIM) mukaika pamwamba pafupi ndi zenera zimagwira bwino kusiyana ndi pampando, poti bodi ya galimoto imatchinga.

Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo yaing'ono ija, Mini, imadya 25W mpaka 40W. Kwa ogwira ntchito pa intaneti ali kutchire ndi yabwino. Kungoigulira TV yokha ndi ndalama zambiri, komanso imafuna thambo lotseguka mbali yaikulu, osati kampata kamodzi ngati dishi. M'nkhalango ya mapaini imadukaduka.

Zonsezi zimaima pa batire. TV ya m'phukusili imadya pafupifupi 25W, dikoda ndi LNB 12W mpaka 15W, zonse pamodzi 40W, kapena kuti 3.3A pa 12V. Maola atatu a madzulo ndi 10Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa mu batire). Payokha si zambiri, koma batire ya asidi ya 100Ah imakupatsani 50Ah yokha ngati mukufuna ikhalitse, ndipo firiji imatenga 30Ah kapena 40Ah pa tsiku. Sola ya 100W imabweza 25Ah mpaka 30Ah dzuwa likawala bwino. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chiperoni chikagwa masiku awiri otsatizana solayo sibweza ngakhale theka, pomwe kuzizira nako kumafooketsa batire ya asidi. Ya lithiamu ya LiFePO4 imalola kugwiritsa ntchito 80Ah kapena 90Ah pa 100Ah yomweyo. Batire yolizira injini musaikhudze n'komwe, mungadzafune okukankhani m'mawa.

Inveta isiyeni ngati n'kotheka. Imataya magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse posintha 12V kupita ku 230V, kenako adaputala n'kubwezanso ku 12V, ndipo zotsika mtengo zimachititsa TV kulira ngati njuchi. Werengani pa adaputala ya dikoda yanu. Ngati palembedwa 12V, ilumikizeni ku batire mwachindunji, koma kudzera pa kachipangizo kosunga magetsi pa 12V yokhazikika, ndi fyuzi ya 5A pafupi ndi batire. Injini ikalira kapena sola ikamatchaja magetsi amafika 14.4V, ndipo dikoda sinapangidwire zimenezo. TV yokhayo ili bwino pa mbali imeneyi, imalandira kusinthasintha kwa magetsi osazima. Mawu ake ndi ochepa, mvula ikamagunda denga simumva kanthu, ndiye ka sipika ka waya n'kofunika. Pulagi yake ya pa soketi ya ndudu imagwedera ndipo imatentha, iduleni muike cholumikizira chomanga.

Pa nyenyezi zisanu tikupereka zinayi. Yachisanu yapita chifukwa cha waya waufupi ndi chomangira chothera pa 70. Mukapeza siginolo koyamba, lembani mzere ndi penti pa chomangiracho pomwe nati yaima. Kuchoka ku Dedza kufika ku Ntcheu kukwera kwa dishi kumasintha ndi digiri yosakwana imodzi, ndiye malo otsatira mudzangoimika miyendo molunjika ndi kupotolera kumpoto. Posunga, chotsani LNB muiike m'bokosi lake, ndipo dishi igone pa matiresi nkhope ili pansi popanda chopsinja. Ikapindika mkombero m'mabampu a msewu wa ku Chongoni, mzere wa ubwino sudzadutsanso 50 ngakhale mutaloza bwanji.