Ma DVD a The West Wing: Sorkin amalemba bwino, koma ali ndi mbali

Bokosili lili ndi zigawo zonse 7 za The West Wing, sewero lokhudza pulezidenti wa America ndi antchito ake, lomwe linkaonetsedwa pa TV ya NBC ya ku America kuyambira 1999 mpaka 2006. Ma DVD onse akusewera bwino, chithunzi n'choyera. Mawu olembedwa m'munsi aja muziwayatsa, chifukwa anthu ake amalankhula mothamanga uku akuyenda m'makonde a White House, wina asanamalize mnzake wayankha kale.

Kalembedwe ka Aaron Sorkin, yemwe anayambitsa seweroli, n'kameneko. Kwa iye ndale ndi pakamwa: wodziwa kulankhula ndiye amapambana. Pulezidenti wake, Jed Bartlet, yemwe amaseweredwa ndi Martin Sheen, ndi wa chipani cha Democrat, katswiri wa zachuma wolandira mphoto ya Nobel, Mkatolika wodziwa Baibulo pamtima. Kumapeto kwa chigawo chachiwiri, mwambo wa maliro a mlembi wake, mayi Landingham, utatha, amatsala yekha m'tchalitchi chachikulu cha ku Washington, n'kuyamba kukangana ndi Mulungu m'Chilatini, kenako n'kupondereza ndudu pansi. Pamenepo ndinangoti kakasi. Munthu ameneyu ndi yemwe anabisira anthu omuvotera matenda ake a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, komabe Sorkin amakufikitsa pomumvera chisoni.

Chondidandaulitsa n'chakuti otsutsa sapatsidwa mphamvu zofanana. M'chigawo chachinayi, Gavanala Ritchie wa chipani cha Republican, wopikisana ndi Bartlet pa chisankho, analembedwa ngati munthu wosaganiza mozama, moti pamtsutso wa pa TV Bartlet amangomugwetsa mosavuta. Mpikisano wotero sukoma. Ainsley Hayes, loya wachitsikana wa Republican, ndiye anali ndi mfundo zolimba, koma sanakhalitse.

Sorkin atachoka mu 2003, John Wells anatenga udindo wotsogolera seweroli, ndipo kusintha kumamveka msanga. Kukoma kwa mawu kunachepa, chigawo chachisanu chimayenda mokoka miyendo. Koma ndi nthawi ya Wells yomweyi, m'chigawo chachisanu ndi chimodzi, pomwe anabweretsa Arnold Vinick, woseweredwa ndi Alan Alda, wa Republican yemwe umamva mfundo zake n'kuvomereza kuti akhoza kulamulira dziko.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Amene mumakonda nkhani za ndale gulani, koma muzionera mukudziwa kuti boma lomwe lili mmenemu, la antchito anzeru osaganizira matumba awo, ndi lomwe Sorkin ankalilakalaka. Ndalama zikachepa, yambani ndi zigawo zinayi zoyambirira.