Injini Ikamagwedezeka Pozimitsa: Maso Kapena Kompyuta?

Golf 4 yanga ya 1.9 TDI inayamba kudzigwedeza ndikazimitsa, mpaka makiyi kulira ngwengwengwe. Anzanga ku Rosettenville, mu Johannesburg, anagawikana: ena amati ndikaiike pa kompyuta, ena amati nditsegule boneti kaye. Onse amaloza chinthu chimodzi, anti-shudder valve, kachitseko ka m'paipi yolowera mpweya, pafupi ndi EGR, valavu yobwezera utsi wina m'injini. Kamatseka mukangozimitsa kuti injini isowe mpweya, izime mwakachetechete.

Pa galimoto zakale ngati yanga, ine ndili kumbali ya maso. Kachitsekoka kamakokedwa ndi vakyumu (mphamvu yoyamwa mpweya) kudzera pa solenoid, kavalavu ka magetsi, yotchedwa N239. Muuzeni mnzanu azimitse inu mukuyang'ana kamkono kake: kayenera kukoka, kukhala kanthawi kochepa, kenako kubwerera. Kanga sikanasunthe n'komwe. Nditatsata kapaipi kakang'ono ka labala, ndinapeza kuti kang'ambika kumapeto, kouma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinadula pang'ono n'kubwezera, basi. Kompyuta ikanati zonse zili bwino, chifukwa imamva za magetsi, siimva kapaipi kobooka.

Golf 5 ya 2.0 TDI ndi nkhani ina. Kachitseko kake kamayendetsedwa ndi kamota ka magetsi, V157, komwe kali ndi timagiya tapulasitiki timene timadyeka mano. Kunja simuonapo kanthu. Apa VCDS, pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera magalimoto a VW, ndiye yothandiza: imaonetsa cholakwa chomwe galimoto yasunga, ndipo makaniko angalamule kachitseko kutseka ndi kutseguka inu mukumvetsera. Timakina ta Bluetooth tolumikiza ku foni timawerenga zochepa, tingakupatseni nambala yokha osakuuzani pomwe pali vuto.

Koma kaya galimoto ndi iti, musanathamangire ku Booysens kukagula valavu yakale, chotsani paipi yakuda yolowera mpweya ija muone m'kati. Mwaye wa EGR ukasakanikirana ndi oyilo umakhala phala lomata, makamaka kwa ife oyenda pang'onopang'ono pa msewu wa M1 m'mawa ndi madzulo. Mukankhe kachitsekoko ndi chala injini ili yozima. Kakamalimba, katsukeni kaye.

Chomwe chimandiwawa ndi abale ogula batire kapena sitata yatsopano chifukwa galimoto ikungozungulira osalira, pomwe kachitseko kangokakamira kotseka. Kaoneni kameneko musanatulutse ma rand anu.