Google Sheets powerengera malipiro a pa ola ndi ovataimu

Kwa kalaliki kapena kapitawo amene amalipira antchito milungu iwiri iliyonse, Google Sheets, pulogalamu yowerengera manambala m'mizere ndi m'mizati, ndi chida chabwino. Ndi yaulere bola muli ndi akaunti ya Google, imatseguka pa foni ndi pa kompyuta, ndipo fayilo mukaiika pa offline mumalembabe netiweki ikathawa. Koma malamulo a ntchito siiwadziwa. Imangowerengera zimene mwaiuza, ndipo mukaiuza zolakwika imakupatsani yankho lolakwika lowoneka bwinobwino.

Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito pa mlungu asapitirire 48, kupatula ovataimu. Maola owonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipidwa kamodzi ndi theka, pomwe a pa tsiku lopuma kapena pa tchuthi cha boma amalipidwa kawiri. Choncho tsiku lililonse likhale ndi mzere wake: nthawi yolowa mu B, yoweruka mu C, maola onse a tsikulo mu D, kenako mizati itatu ya maola wamba, a 1.5 ndi a 2.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa nthawi. Sheets imasunga nthawi ngati gawo la tsiku, moti 8:00 kwa iyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukachulukitsa 8:00 ndi malipiro a K800 pa ola mupeza K266.67 m'malo mwa K6,400. Mankhwala ake ndi =(C2-B2)*24, kenako muchotse ola la nkhomaliro ngati silikulipidwa. Kwa mlonda amene walowa 18:00 n'kuweruka 06:00, fomulayi imatulutsa -12; gwiritsani ntchito =MOD(C2-B2,1)*24. Palinso kadontho kosokoneza: maola asanu ndi awiri ndi theka ndi 7:30 kapena 7.5, osati 7.30. Wolemba 7.30 wamudyera wantchito K160 tsiku limenelo, ndipo Sheets siiyankhulapo kanthu. Mukaphatikizanso maola a mlungu wonse n'kuona 4:00 pamene pamayenera kukhala 52, dziwani kuti nambala yazungulira ngati wotchi. Sinthani kupita ku Duration pansi pa Format ndi Number.

Cholakwika chodula kwambiri n'kuphatikiza milungu iwiriyo musanachotse ovataimu. Tiyerekeze munthu wa K800 pa ola, wogwira masiku 6 a maola 8, wagwira maola 52 mlungu woyamba ndi 44 wachiwiri. Onse pamodzi ndi 96, ndendende 48 kawiri, ndipo ovataimu ija yasowa: K76,800. Kuwerengera koyenera ndi maola wamba 92 pa K800 ndi maola 4 pa K1,200, zomwe zikukwana K78,400. Fomula ya =MAX(0,D2-8) pa mzere wa tsiku lililonse imatseka dzenje limeneli. Matempuleti (mafayilo okonzedwa kale) ambiri otsitsa pa intaneti ndi a ku America, amayamba ovataimu pakatha maola 40 pa mlungu ndipo alibe mzati wa malipiro a kawiri. Ndi bwino kumanga yanu.

Zofooka zilipo. Kulemba mafomula pa foni n'kowawa, chala chikaterereka pang'ono fomula yafufutika, choncho mangani fayiloyo pa kompyuta ndi kukhoma mizati ya mafomula ndi Protect sheets and ranges. Matchuthi a boma muziwalemba nokha. PAYE (msonkho wa pa malipiro) ya ku MRA ndi penshoni, 5 peresenti ya wantchito ndi 10 ya olemba ntchito, nazonso n'zoika pamanja, ndipo pa chaka malipiro a milungu iwiri amakhala ka 26, osati ka 24.

Kwa shopu, garaja kapena ntchito yomanga ya anthu 10 kapena 20, Sheets ikukwanira. Antchito akachuluka, ndi mashifiti osinthasintha, fayilo imakula moti kusaka selo (kabokosi) imodzi yolakwika kumadya madzulo onse a tsiku lolipira.