Zida zoyezera mpweya wa radon m'nyumba: zimene ndaona nditazigwiritsa ntchito ku Redruth

Ndinaitanitsa zida zimenezi mwezi wa Novembala, banja langa litangosamukira m'nyumba yakale yamiyala ku Redruth, tauni yaing'ono ya ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa England, yomwe kale inkatchuka ndi migodi ya mkuwa ndi tini. Mnzanga wa kuntchito, yemwe ndi mbadwa ya kuno, ndiye anandichenjeza kuti dera lino lili pa thanthwe la granite, ndipo chitsulo cha uranium cha m'thanthwelo chimatulutsa mpweya wa radon umene umalowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya pansi. Mpweyawu suoneka komanso sununkha, koma ukamapumidwa kwa zaka zambiri umayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo ku Britain anthu pafupifupi 1,100 amamwalira nayo chaka chilichonse chifukwa cha radon. Amuna anga anasuta fodya kwa nthawi yaitali asanasiye, ndipo popeza chiopsezochi chimakula kwambiri kwa osuta, sindinafune kuzengereza.

Phukusi lochokera ku kampani yogulitsa zidazi linafika pa positi lili ndi tizitini tiwiri tapulasitiki, tosafuna magetsi kapena batire. Kamodzi ndinakaika pabalaza, kena m'chipinda chogona, kutali ndi mawindo ndi chotenthetsera m'nyumba monga malangizo ananenera, ndipo tinakhala pamenepo miyezi itatu osakhudzidwa. Poyamba ndinkaona ngati nthawiyi yatalika mopitirira muyeso, koma ndinadzamvetsa kuti radon amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo amachuluka nyengo yozizira pamene mawindo amakhala otseka, kotero kuti kuyeza kwa masiku ochepa kukhoza kumunamiza munthu. Pa mfundo imeneyi zidazi ndazikhulupirira kwathunthu.

Chovuta n'chakuti tizitiniti sitionetsa kanthu. Munthu amangodikira, kenaka n'kutitumiza ku labotale mu envulopu imene amaika m'phukusi momwemo, n'kudikiranso. Kalata ya zotsatira inabwera yolembedwa momveka bwino, koma inkalankhula ngati kuti aliyense woyeza ndi mwini nyumba, pamene ambiri a ife amene tinabwera kudzagwira ntchito kuno timakhala m'nyumba zalendi. Sinanene chilichonse za mmene munthu wochita lendi angaifikitsire nkhaniyi kwa eni nyumba, ndipo apa ndikuona kuti kampaniyo ikanachita bwino kuwonjezera ndime ngakhale imodzi.

Zotsatira zathu zinapitirira ma becquerel 200 pa kiyubiki mita (umu ndi mmene amayezera kuchuluka kwa radon mu mpweya), mlingo umene bungwe la UK Health Security Agency limati ukafikidwa, nyumba iyenera kukonzedwa, ndipo cholinga chikhale kutsitsa mpweyawo kufika pansi pa 100. Nyumba zambiri za m'dziko muno zimakhala pafupi ndi 20, choncho nditawerenga kalatayo mtima unandigunda kwambiri poganizira ana amene amagona m'chipinda chapansi. Komabe pepala lochokera ku labotale linali ndi mphamvu imene mawu anga okha sakanakhala nayo. Eni nyumba athu ataliona sanatsutse, ndipo anaitana amisiri amene anakumba kadzenje pansi pa nyumba n'kuika paipi ndi fani yokoka mpweyawo kuti uzitulukira kunja.

Ndaitanitsanso phukusi lachiwiri kwa kampani yomweyo kuti tione ngati faniyo ikugwiradi ntchito, ndipo tizitini tatsopanoti ndatiika m'malo omwe aja kuti zotsatira ziwirizi zidzathe kuyerekezeredwa.