Miyezi 8 ndikukwera mapiri ndi wotchi yoyeza kutalika kwa malo

Wotchiyi ndinaigula mu Meyi chifukwa ndinkafuna kudziwa mamita amene ndimakwera Loweruka lililonse pa Soche kapena pa Ndirande. Lero ndimaikondabe, koma zinanditengera nthawi kuti ndiidziwe khalidwe lake.

M'mbali mwake muli kabowo kakang'ono kolowera mpweya. Wotchi imayeza kulemera kwa mpweyawo, ndipo munthu akamakwera, mpweya umapepuka. Kuno kwathu, pa mamita pafupifupi 1,000, kusintha kwa hPa imodzi (muyeso wa kulemera kwa mpweya) kumawerengedwa ngati mamita 9 kapena kuposerapo pang'ono. Vuto ndi loti mpweya umasinthanso wokha, ngakhale mwini wotchi ali chikhalire pa khonde.

Ndinaziona koyamba nthawi ya chiperoni mu Julayi. Ndinadzuka m'mawa wa nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, wotchi n'kundiuza kuti nyumba yanga yatsika mamita oposa 30 usiku umodzi. Ndinakhumudwa, ndinkayesa yawonongeka. Ayi, mpweya wozizira wolemera ndi umene unali utafika. Kumadera otentha ngati kuno mpweya umasinthanso tsiku lililonse: umalemera cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kupepuka cha m'ma 4 koloko madzulo. Choncho mukanyamuka m'mawa n'kubwerera madzulo, musadabwe kupeza pageti panu "patakwera" mamita 20.

Mankhwala ake ndi kuikonza, kutanthauza kuiuza kutalika kwenikweni kwa malo amene muli, musanayambe ulendo. Ine ndimaima poyera, kutali ndi makoma ndi mitengo, ndikudikira GPS (njira yopezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti) ikhazikike kwa mphindi zingapo. GPS payokha imalakwitsa kwambiri pa kutalika kusiyana ndi posonyeza malo amene uli pa mapu, n'chifukwa chake ndinatenga nambala za masiku ambiri pageti panga n'kusankha yapakati. Imeneyo ndiyo ndimalowetsa pamanja tsopano.

Mayeso enieni anali ku Mulanje mu Ogasiti. Ndinaikonza m'mawa pa Chisepo, nyumba yogonamo okwera phiri, ndipo titafika pamwamba pa Sapitwa, pamene pali mamita 3,002, inangosiyana ndi mamita ochepa. Tsiku limenelo mtima unakhala pansi.

Chimene sindinachiyembekezere ndi fumbi la Okutobala. Likasakanikirana ndi thukuta limatseka kabowo kaja, nambala n'kumadumphadumpha ngati kuti ukutsika ndi kukwera pomwe ukuyenda pamalo athyathyathya. Chonde musatokosemo ndi singano, mungaononge kachipangizo ka m'katimo. Ine ndimaitsuka ndi madzi ofunda pang'ono n'kuisiya iume yokha. Malaya a manja aatali akaiphimba molimba, kapena mphepo ya pamwamba pa Ndirande ikamawomba molunjika pabowopo, imasokonezekanso.

Batire likadali bwino, limandikwanira ulendo wa tsiku lonse GPS ili yoyaka. Panopa mvula yayamba, ndipo ndikaona nambala ikukwera msanga ine nditakhala pamwala ndikupuma, ndimadziwa kuti mpweya ukupepuka, ndimauza anzanga kuti tiyeni tizitsika.