IHI Open School, Coursera kapena WHO: za chitetezo cha odwala tiphunzire kuti?

Mnzanga wa ku wodi ya ana anandifunsa kuti pa maphunziro a pa intaneti atatuwa ayambire pati, poti bandulo yake ndi yoperewera. Pa foni ndinangomuyankha mwachidule, tsono ndiitambasule pano.

IHI Open School ndi ya bungwe la ku Boston lotchedwa Institute for Healthcare Improvement (IHI), ndipo inayamba mu 2008. Satifiketi yake yoyambira ili ndi maphunziro 13, ambiri owerenga, choncho bandulo imakhalitsa. Koma chomwe ndimaikondera n'chakuti imakusintha kafunsidwe. Mwana akapatsidwa mankhwala opyola muyeso, ife timathamangira kuti, "Anali pa nayiti ndani?" Kumeneko amakuzoloweza kufunsa zina. Kodi mabotolo awiri ofanana anali pa shelefu imodzi? Sikelo inkagwira ntchito? Namwinoyo anali yekha ndi odwala angati, ndipo popatsirana ntchito m'mawa anauzana chiyani? Munthu akadziwa kuti sakamupachika, amaulula yekha pomwe panatsala pang'ono kulakwika. Chotopetsa chake n'chakuti zitsanzo zambiri ndi za zipatala za ku America zolembera mankhwala pa kompyuta, pomwe ife tili ndi bolopeni ndi buku la wodwala, mwinanso buku lonyowa.

Pa Coursera, tsamba la pa intaneti la maphunziro osiyanasiyana, pali maphunziro a yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America, magawo 7. Ndi ozama ndithu. Ku Johns Hopkins n'komwe dokotala Peter Pronovost anaonetsa kuti kandandanda ka mfundo 5 kangachepetse matenda olowera pa chubu cha mumtsempha waukulu. Koma maphunzirowa ambiri ndi mavidiyo, ndipo satifiketi imafuna ndalama zakunja pokhapokha upemphe thandizo. Awa ndi oyenera amene ali mu QIST, gulu loona za kupititsa patsogolo ubwino wa chithandizo pachipatala, ndipo ali ndi Wi-Fi ya ku ofesi.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi aulere. OpenWHO inayamba mu 2017, ndipo WHO Academy inatsegulidwa ku Lyon mu 2024. Amalunjika pa ntchito ya manja: nthawi 5 zosamba m'manja, kataidwe ka masingano, kavalidwe ka zodzitetezera. Waphunzira usiku, m'mawa wachita. Sakumba kwambiri za chomwe chimachititsa kuti vuto lomwelo lizibwerabwera.

Mnzangayo ndinamuuza kuti ayambe ndi WHO, kenako IHI azitenga phunziro limodzi pa sabata. Ndinamuuzanso kuti asanalipire kalikonse afunse kaye ku Nurses and Midwives Council ngati satifiketiyo aiwerengere pa mapointi a CPD, omwe anamwino amapeza akamapitiriza kuphunzira ali pa ntchito.